Kodi Mumadziwa? Mfuti Zakale, Dzimbiri ndi Madzi Owira

Kodi mumadziwa kuti mdani wamkulu wa mfuti yakale ya asilikali ndi mchere? Zipolopolo za .303 za nthawi ya nkhondo ziwiri zikuluzikulu zija zinkati zikaphulika, zinkasiya timchere tosaoneka ndi maso m'kati mwa mpope. Timchereto timayamwa chinyezi, ndipo kumalo otentha a kunyanja monga Mtakataka ndi Golomoti dzimbiri limatha kuyamba usiku umodzi wokha!

Nanga mankhwala ake mukuti anali mafuta? Ayi ndithu, poti mchere susungunuka m'mafuta. Asilikali a Keyala (King's African Rifles), monganso anzawo onse a gulu lankhondo la Britain, ankathira madzi owira mumpope kudzera pa fanulo, pafupifupi malita atatu pa mfuti imodzi!

Madzi pa chitsulo, osachita dzimbiri? Chinsinsi chake chili pa kutentha: madziwo akatsuka mchere, mpope umakhala utatentha kwambiri moti umadziumitsa wokha. Mafuta ankabwera pambuyo, mpope ukadali wofunda, pa mphindi zochepa chabe.

Kodi mumadziwa kuti mfuti ya Lee-Enfield imayenda ndi zipangizo zake zotsukira m'mimba mwake? Kumapeto kwa thabwa lotsamiritsa paphewa kuli kachitseko, ndipo mukatsegula mupeza kabotolo ka mafuta ndi chingwe chokhala ndi kachitsulo kolemera kunsonga. Msilikali ankamangirira kansanza ku chingwecho n'kukoka kuchokera kumbuyo mpaka kukamwa kwa mfuti, ndipo kansanzako kanali ndi muyeso wake wa lamulo: masentimita 10 m'litali, 5 m'lifupi!

Suzumirani mumpope wotsukidwa bwino wa mfuti yomwe mwini wake watsimikiza kuti ilibe kanthu, muona mizere isanu yopotana. Ntchito ya mizereyo ndi kuzunguza chipolopolo kuti chiyende mowongoka. Mukudziwa kuti chimazungulira kangati? Pafupifupi ka 3,000 pa sekondi imodzi!

Liwiro lake nalonso n'lodabwitsa. Chipolopolo cha .303 chimatuluka chikuthamanga mamita oposa 740 pa sekondi. Kumeneko n'kuposa kawiri liwiro la phokoso la mfuti yomweyo!

Kodi mumadziwa kuti mizere imeneyi ndi imene inabala Lee-Enfield? Mfuti ya m'mbuyo mwake, Lee-Metford ya mu 1888, inali ndi mizere yosaya, ndipo onga watsopano wopanda utsi utabwera unkaipserezeratu. Mu 1895 akatswiri a ku Enfield, pafupi ndi London, anakumba mizere yakuya, chifukwa mpope wakale unkatha usanaombe ngakhale zipolopolo 6,000!

Inali mfuti yachangu zedi. Magazini yake inkalowa zipolopolo 10 pamene mfuti zambiri za mayiko ena zinkalowa zisanu. Msilikali wophunzitsidwa bwino ankayenera kuomba molunjika ka 15 pa mphindi imodzi!

Nanga kulemera kwake? Lee-Enfield ya mtundu wa SMLE, imene inatchuka kuyambira 1907, ndi yotalika kupitirira pang'ono mita imodzi. Imalemera pafupifupi makilogalamu anayi, ngati mapaketi anayi a shuga olendewera paphewa tsiku lonse!

Mukuganiza kuti zinapangidwa zingati? Mafakitale a ku Enfield ndi Birmingham ku England, Lithgow ku Australia, Ishapore ku India ndi Long Branch ku Canada anasula mfutizi kwa zaka makumi ambiri. Zonse pamodzi zinafika pafupifupi 17 miliyoni, kutsala pang'ono kufanana ndi chiwerengero cha Amalawi onse pa kalembera wa 2018!

Ndipo musaganize kuti zinatha kalekale. Asilikali olondera kumpoto kwa Canada, kumalo ozizira koopsa, anapatsidwa Lee-Enfield mu 1947 ndipo anangozisintha posachedwapa. Anakhala nazo zaka pafupifupi 70!

Tibwere kuno kwathu tsopano. Kodi mumadziwa kuti mishoni ya Mua ndi gulu la Keyala n'zobadwa chaka chimodzi? Ansembe a White Fathers anafika pa Mua mu 1902, chaka chomwecho chimene King's African Rifles inakhazikitsidwa, ndipo mabataliyoni ake oyamba awiri, nambala 1 ndi nambala 2, anali a kuno ku Nyasaland!

Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, amuna a kuno pafupifupi 19,000 anavala yunifolomu ndi kunyamula mfuti. Koma kodi zipolopolo, ufa ndi mahema ankanyamula ndani? Atengatenga, oyenda pansi ndi katundu pamutu, ndipo anali pafupifupi 200,000!

Kodi mumadziwa kuti kumayambiriro kwenikweni kwa nkhondoyo sitima ya Britain inaombera mdani pa nyanja yathu yomweyi? Mu Ogasiti 1914 sitima ya Guendolen inaombera sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann padoko la Sphinxhaven, lomwe lero ndi Liuli ku Tanzania. Mfuti yaikulu ya Guendolen ikadalipo pafupi ndi nsanja ya wotchi ku Mangochi, patatha zaka zoposa 110!

Koma mfuti zinafika kuchigwa kuno Keyala isanabadwe. Amalonda a minyanga ya njovu ndi akapolo ankabwera ndi zagogodera, zothirira onga kukamwa, ndipo mafumu a Chiyao monga Tambala ndi Makanjira anakula mphamvu ndi mfuti zimenezi. Angoni a Kachindamoto, amene anatsikira ku Mtakataka atamenyana ndi a Gomani, anakhazikika pakati pa dziko lodzala ndi fungo la onga, m'zaka za m'ma 1890!

Kodi zagogoderazo zinkachokera kuti? Zambiri zinali zotsala za asilikali a ku Ulaya: gulu lankhondo likalandira mfuti zatsopano, zakale zinkagulitsidwa kwa amalonda n'kukwera zombo. Zina zinali ndi chidindo cha Tower, dzina la nyumba yosungiramo zida ku London, ndipo zinkafika kuno zitagwira kale ntchito pa nkhondo za Napoleon zomwe zinatha mu 1815!

Azungu ataona kuti mfuti zachuluka anakhalirana pansi. Pangano la ku Brussels la mu 1890 linaletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu a m'chigawo chachikulu cha Africa, n'kungolola zachikale zoyatsira mwala ndi onga wamba. Mzere wa chiletsocho unayambira madigiri 20 kumpoto mpaka madigiri 22 kumwera, dziko lathu lonse lili m'kati!

Kodi mumadziwa kuti kukonzanso mfuti yakale si nzeru ya lero? Mu 1866 boma la Britain linatenga mfuti zake zothirira kukamwa za mu 1853, n'kuzidula kumbuyo ndi kuikapo kachitseko kolowetsera chipolopolo, ndipo zinatchedwa Snider. Mfuti za mtunduwu, zimene zinamvekanso pa nkhondo za m'mphepete mwa nyanja yathu, zinapitirira 800,000!

N'chifukwa chiyani chitsulo chimavutika kwambiri kuchigwa kuno? Dzimbiri limakonda chinyezi ndi kutentha, ndipo ziwirizi n'zosasowa pakati pa Mua ndi gombe la nyanja, makamaka m'dzinja. Mukatsika Khwekhwelere kuchokera ku Dedza boma, mwatsika mamita oposa 1,000!

Dzimbiri silimangodya chitsulo, limatupanso. Ndiye chifukwa chake sikulu yochita dzimbiri imakanirira m'dzenje mwake, nthawi zina mpaka kung'amba thabwa. Dzimbiri limatha kutenga malo ochuluka mpaka kasanu ndi kamodzi kuposa chitsulo chimene ladya!

Nanga kuda kokongola kuja kwa mpope wa mfuti mukuti ndi penti? Pa mfuti zambiri zakale, limenelo ndi dzimbiri ndithu, koma loweta. Amisiri ankalola chitsulo kufiira dala, n'kuchiwiritsa m'madzi mpaka kufiirako kusanduke kuda, ndipo ankabwereza kangapo kuti apeze chikopa choteteza chopyapyala kuposa tsitsi limodzi!

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa ndi mtima wabwino. Amatenga sandipepa kuti mfuti ya agogo iwale, osadziwa kuti akupala chikopa chija pamodzi ndi zidindo zake. Akatswiri a nyumba zosungiramo zakale amangogwiritsa ntchito mafuta pang'ono, burashi yofewa ndi phula, chifukwa sandipepa amafufuta pa mphindi zisanu zimene zakhala zaka 100!

Kodi mumadziwa kuti zidindozo ndi chiphaso cha mfuti? Pa SMLE, pansi pa chogwirira chokokera zipolopolo, pali chisoti chachifumu, dzina la fakitale ndi chaka chimene inasulidwa, ndipo kamuvi kodindidwa apo ndi apo kamasonyeza kuti inali katundu wa boma la Britain. Nambala ya mfutiyo inkalembedwanso pa zitsulo zake zikuluzikulu, moti wodziwa amazindikira chitsulo chachilendo pongoyerekeza manambala awiri!

Thabwa nalo lili ndi chakudya chake. Asilikali ankalipaka mafuta a linseed, ofinyidwa ku njere za fulakesi, kuti lisaume n'kung'ambika. Koma chenjerani ndi nsanza zonyowa ndi mafutawa: mukaziunjika pakona zimatha kutentha zokha mpaka kuyaka moto, popanda machesi ngakhale amodzi!

Nanga chala chanu chomwechi? Thukuta lili ndi mchere, ndipo kuchigwa kuno mu Okutobala thukuta si nkhani. N'chifukwa chake osamalira zakale amavala magolovesi, poti chidindo cha chala chimatha kusanduka dzimbiri pa masiku ochepa okha!

Tsopano nayi nkhani yoti muigwire ndi manja awiri: mfuti yakale imakhala yotchera kawirikawiri kuposa mmene mukuganizira. Nkhondo ya ku Gettysburg, ku America, itatha mu 1863, anatola mfuti zoposa 27,000 pabwalo lankhondo. Pafupifupi 24,000 zinali ndi onga ndi zipolopolo m'kati, ndipo imodzi inali itathiridwa ka 23!

Onga wouma suchedwa kudzuka ngakhale utagona zaka zambiri. Mpope wodyeka ndi dzimbiri nawo umatha kuphulikira m'manja mwa woombayo. Mfuti yopezeka kudenga, m'munda kapena m'phanga si yoyesera, ngakhale kamodzi!

Kodi mumadziwa kuti boma la Dedza linaona nawo za nkhondo ya ku Mozambique? Nkhondoyo inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, koma inali itabalalitsa anthu ndi mfuti za AK-47 m'malire monse, kuphatikizapo a Dedza ndi Ntcheu. Othawa nkhondo amene Malawi anawalandira anapitirira 1 miliyoni!

Ndiye anzathuwo anatani nazo mfutizo? Mu 1995 Bishopu Dinis Sengulane ndi bungwe la mipingo ya Chikhristu ku Mozambique anayamba kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera, ndipo amisiri anasula zina n'kukhala mpando umene uli ku British Museum. Zida zimene zinatoleredwa motere zinapitirira 600,000!

Nanga inu mutapeza mfuti ya agogo anu a Keyala lero, mungatani? Lamulo la dziko lino silisankha kuti iyi ndi yakale kapena yatsopano: mfuti imafuna chiphaso, ndipo poyambira ndi kupolisi. Anthu a kuchigwa kuno sakusowa kofunsa, poti sukulu yophunzitsira apolisi ili pa Mtakataka pomwepa!

Mukatero, lembani zonse zimene akuluakulu akukumbukira: mwini wake anali yani, analowa usilikali liti, anakafika ku Abyssinia kapena ku Burma? Ku Mua, a malo a zachikhalidwe a Kungoni akhala akusonkhanitsa mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao kuyambira 1976, ndipo nzeru yomweyo ikufunika m'banja lililonse limene linatumiza mwana ku nkhondo. Fulumirani kufunsa, chifukwa mnyamata amene analowa Keyala ali ndi zaka 18 mu 1944 akukwanitsa zaka 100 mu 2026!