Dzimbiri la M'chikhodzodzo

Ndikafunsa anzanga chimene chimaononga chiwalo magazi akasiya kufikako, onse amati ndi kusowa kwa mpweya wa okosijeni. Sanama, koma ndi theka chabe la nkhani. Chimene chidandikoka kulemba nkhaniyi ndi chakuti kuonongeka kwina kumachitika pamene magaziwo abwerera.

Titenge bambo wachikulire amene kachiwalo kake kotchedwa prostate kakula nkupana njira ya mkodzo. Chikhodzodzo chimadzaza mpaka kufufuma, khoma lake limakungika ngati chikopa cha ng'oma, ndipo timitsempha ta magazi ta m'khomamo timafinyika. Akakodza, kapena achipatala akamuika kapaipi, magazi amathamangiranso m'menemo atasenza okosijeni. Koma maselo amene adali pa njala aja amakhala atasokonekera, moti gawo lina la okosijeniyo limasanduka tizinthu taukali totchedwa free radicals. Timeneti timadya mafuta amene amakuta maselo, monga momwe dzimbiri limadyera khasu losiyidwa pamvula. Minyewa imene imalamula chikhodzodzo kuti chifinye mkodzo imavulala msanga, kenako minofu imafooka. Izi zikamabwerezeka tsiku ndi tsiku, mwini wake amayamba kukodza pafupipafupi, mwinanso mkodzo umatsalira m'kati.

Mawu akuti antioxidant ndimavutika kuwamasulira. Ine ndingati "choletsa dzimbiri". Thupi lili ndi zoletsa dzimbiri zakezake. Mu 1969 Joe McCord ndi Irwin Fridovich adatulukira ntchito ya superoxide dismutase, imene imasandutsa kachinthu kaukali kaja kukhala hydrogen peroxide. Ikatero, ina yotchedwa catalase imamaliza ntchitoyo poisandutsa madzi ndi okosijeni wamba. Mu 1981 McCord yemweyo, pamodzi ndi Neil Granger, adaonetsa pa matumbo a amphaka kuti tizinthu timeneti tili ndi mbali pa kuvulala kobwera magazi akadukiza. Zoletsa zina timazipeza m'zakudya: vitamini C wa m'magwafa ndi malalanje, vitamini E wa mu mtedza.

Pa za chikhodzodzo, Robert Levin ndi anzake ku Albany m'dziko la America adagwiritsa ntchito akalulu kwa zaka zambiri. Akalulu amene adamwetsedwa mphesa zosinja asanatsekerezedwe magazi, zikhodzodzo zawo zinkafinyabe bwinoko kuposa za anzawo osamwetsedwa. Taonani mawu akuti "asanatsekerezedwe". Kalulu amapatsidwa chitetezo tsiku la ngozi likudziwika kale, pamene bambo uja amafika kuchipatala vuto litakhala naye zaka.

Nchifukwa chake sindigwirizana ndi amene amagulitsa mapiritsi a mavitamini ngati mankhwala a chikhodzodzo. Kafukufuku wa SELECT, wa amuna oposa 35,000, adalengeza mu 2011 kuti amene ankamwa vitamini E wa mapiritsi tsiku lililonse adadwala khansa ya prostate mochulukirapo ndi 17 peresenti poyerekeza ndi amene sankamwa.

Palinso malire amene choletsa dzimbiri chilichonse sichingawadumphe. Mayi akachedwa kuchira pobereka, mutu wa mwana umapanikiza chikhodzodzo ku fupa la m'chiuno kwa maola ambiri. Pamenepo magazi sabwereranso. Mnofu umafa nkusiya chiboo chimene mkodzo umadonthera, matenda aja a fistula amene madokotala amasoka ku Bwaila mu Lilongwe.