Tiasilikali ta pa tebulo: bawo ya anthu a bulashi ndi dayisi

Pa Balaka dzuwa likafika paliwombo, ntchito n'kuzizirako, abambo mumawapeza pamthunzi atazungulira bawo. Osewera ndi awiri, koma maso ndi a anthu khumi. Pamakhala a kabaza amene akudikira wokwera, mlimi wa thonje amene wabwera kudzagula mankhwala, ndi agogo ena amene sayankhula kanthu mpaka wina atalakwitsa kuwerenga. Palibe amene amaloza abambo amenewa chala n'kunena kuti akuchita zachibwana. Tonse timadziwa kuti bawo ndi masewera a akuluakulu, ndipo katswiri wake timamupatsa ulemu.

Bawo yomweyi ndi imene ingatithandize kumvetsa masewera ena amene abale athu a ku Joni amadabwa nawo akawaona m'mashopu a ku Johannesburg ndi Cape Town. Amuna ndi akazi a ntchito zawo, ena a imvi kumutu, amagula tiasilikali tating'ono ta pulasitiki kapena ta chitsulo, n'kumatipenta kwa milungu yambiri, kenako n'kukatimenyanitsa pa tebulo ndi ta anzawo. Wongoona amati ndi zidole za ana. Ine ndikuti ayi, anthu amenewa ndi anzathu a pa bawo, kungoti nkhomo zawo zili ndi nkhope.

Tebulo lake nthawi zambiri limakhala la mafiti 6 m'litali ndi 4 m'lifupi. Pamenepo amakonzapo dziko lonse: timapiri, timitengo, timitsinje, mabwinja a nyumba. Kamsilikali kamodzi kamatalika mamilimita 28 kapena kuposerako pang'ono, moti gulu lonse la nkhondo limalowa m'chikwama chimodzi. Aliyense amabwera ndi gulu lake, amalindandalika mbali yake ya tebulo, ndipo amasewera mosinthana, uyu akatha uyo ayambe.

Chinthu choyamba chimene munthu wa bawo angafunse n'chakuti, nanga chilungamo chili pati ngati aliyense akubwera ndi asilikali ake? Pa bawo nkhani imeneyi inatha kalekale. Maenje ndi 32, nkhomo ndi 64, aliyense theka. Wolemera ndi wosauka amayamba mofanana. Eni masewera a tiasilikali anaithetsa nkhaniyi ndi mapointi. Buku la malamulo limaika mtengo pa chilichonse: msilikali wamba ali ndi mapointi ochepa, wapahatchi ochulukirapo, kasinja ochuluka kwambiri. Osewera amagwirizana kuti lero aliyense abwere ndi gulu la mapointi 2,000. Wina angasankhe asilikali wamba ambirimbiri, wina akasinja ochepa koma amphamvu. Kusankhako ndiye chiyambi cha nzeru, ndipo ambiri amaluza asanafike n'komwe pa tebulo chifukwa chosanja gulu lawo mosaganiza.

Pa bawo timayenda dzenje ndi dzenje. Pa tebulo la nkhondo palibe maenje, ndiye amagwiritsa ntchito tepi yoyezera, yomwe ija ya akalipentala. Malamulo amanena kuti oyenda pansi asunthe mainchesi akuti, apahatchi akuti, mfuti iyi imafika patali chonchi. Ngati mdani wabisala kuseri kwa khoma, wosewera amawerama n'kuyang'ana kuchokera pamene pali kamsilikali kake kuti aone ngati akumuonadi. Katswiri wa bawo saona dzenje limene wagwira lokha. Amawerenga mumtima kuti akatakata apa nkhomo yomaliza ikagona pati, ndipo mnzakeyo akadya ziti. Wa tiasilikali nayenso amaganiza chimodzimodzi: ndikatulutsa gulu ili kuseri kwa phiri ndilanda mlatho, koma ndiliika pakamwa pa mizinga ya mnzanga.

Apa ndi pamene masewera awiriwa amasiyana njira. Bawo ilibe mwayi. Ukadyedwa, wadyedwa chifukwa mnzako wakuposa kuwerenga, ndipo palibe woti umunamizire. Pa tiasilikali pali dayisi. Gulu likawombera, wosewera amaponya madayisi odzadza dzanja, ndipo manambala amene atuluke ndiwo amanena kuti zipolopolo zingati zalasa, ndi angati agwa, ndiponso ngati otsalawo alimba mtima kapena athawa. Poyamba munthu wa bawo angaone ngati dayisi ikuwononga masewera. Koma inaikidwamo dala, chifukwa pa nkhondo yeniyeni palibe mtsogoleri amene zonse zimamuyendera monga anakonzera. Luso ndiye kukonza zinthu mwakuti ngakhale dayisi ikukane kawiri, gulu lako lisaphwasuke. Kusiyana kwina n'kwakuti nkhomo zonse n'zofanana, ndipo imene wadya kwa mnzako imasanduka yako nthawi yomweyo. Kamsilikali kakagwa kamangochotsedwa pa tebulo, madzulo mwini wake n'kukabweza m'chikwama.

Masewera a tiasilikali sanayambe ngati chosangalatsa. Mu 1812, Georg Leopold von Reisswitz anapereka kwa mfumu Friedrich Wilhelm III ya ufumu wa Chijeremani wa Prussia tebulo loyeserera nkhondo. Mwana wa Reisswitz anawongola malamulo ake, ndipo mu 1824 akuluakulu a asilikali a Prussia anawalandira kuti aziphunzitsira atsogoleri a nkhondo. Ankasewera pa mapu ndi tizidutswa tofiira ndi tobiriwira mwa mtambo, pali madayisi ndi woweruza pakati. Prussia itagonjetsa France pa nkhondo ya 1870 mpaka 1871, mayiko ena anayamba kutengera. Mmodzi mwa amene anawatulutsa m'misasa ya asilikali n'kuwalowetsa m'nyumba za anthu wamba ndi mlembi wa ku England, H. G. Wells, amene mu 1913 anasindikiza buku la malamulo lotchedwa Little Wars. Iye ndi anzake ankagwada pansi n'kumagwetsa tiasilikali ta mtovu ndi kamzinga ka sipuling'i. Wells ankadana ndi nkhondo, ndipo ankakhulupirira kuti munthu amene wayesa kutsogolera tiasilikali amazindikira kupusa kwa nkhondo yeniyeni. Chaka chotsatira nkhondo yoyamba ya dziko lonse inabuka.

Kampani yaikulu pa malonda amenewa lero ndi Games Workshop, imene likulu lake lili ku Nottingham. Inayamba ku London mu 1975 ndi anyamata atatu, John Peake, Ian Livingstone ndi Steve Jackson, ndipo zina mwa zinthu zoyamba zimene ankapanga pamanja n'kumagulitsa anali matabwa a mancala, masewera a maenje ndi njere a banja limodzi ndi bawo yathu. Mu 1983 anatulutsa Warhammer, ndipo mu 1987 Warhammer 40,000, nkhondo zongopeka za m'tsogolo kutali. Mu December 2024 kampaniyi inalowa m'gulu la makampani 100 akuluakulu pa msika wa masheya wa ku London. Zachibwana sizifika pamenepo.

Koma mukafunsa eni ake, ambiri amati nthawi yochuluka sathera pa tebulo la nkhondo, amathera pa kupenta. Tiasilikali timabwera m'bokosi tili zidutswazidutswa, totuwa, mutu pawokha, mkono pawokha. Munthu amadula chidutswa chilichonse, amapala ndi kampeni, amamata ndi guluu. Akatero amathira penti yoyamba yogwiritsa, yakuda kapena yoyera. Kenako amatenga bulashi ya nsonga yopyapyala n'kuyamba mitundu: malaya, khungu, lamba, chitsulo cha mfuti. Penti amaisungunula ndi madzi ndipo amapaka kawiri kapena katatu mopyapyala, chifukwa yokhuthala imakwirira nkhope ndi mabatani. Pambuyo pake amathira penti ina yamadzimadzi yoderapo imene imatsikira m'makwinya a chovala n'kupanga mithunzi, ndipo pomaliza amawalitsa m'mphepete mmene dzuwa likanagunda. Pansi pomwe kamsilikali kaima amamatapo mchenga ndi tiudzu. Kamodzi kokha kangadye madzulo onse, ndipo gulu limakhala ndi makumi angapo. Pali ngakhale mpikisano wa kupenta kokha, Golden Demon, umene unayamba mu 1987, ndipo kumeneko palibe amene amaponya dayisi.

Izi siziyenera kutidabwitsa. Bawo ikhoza kuseweredwa pa maenje okumba pansi ndi timiyala, ndipo imakoma ndithu. Komabe taonani mmene mwini bawo yosema bwino amaisamalira. Anasankha yekha mtengo wake, anakambirana ndi mmisiri, amaipukuta, salola mwana kuikhalira, ndipo nkhomo zake amaziwerenga asanazisunge. Maenje ake anasalala ndi zala za anthu a zaka zambiri, ena a iwo anatisiya. Chikondi chimenecho pa chipangizo cha masewera ndi chomwecho chimene chimamugwira wopenta tiasilikali, kungoti iye ndiye mmisiri ndiponso ndiye wosewera.

Pali zinthu ziwiri zimene sindingazibise. Choyamba ndi mtengo. Tiasilikali ta makampani akuluakulu n'todula ngakhale kwa anthu a ku Ulaya, ndipo kwa banja la ku Phalula kapena ku Ulongwe limene likuwerengera matumba a chimanga, kugula gulu lathunthu sikungakhale nzeru. Makampaniwa amasinthanso malamulo pakapita zaka zingapo, anthu n'kumagulanso mabuku atsopano. Pamenepa bawo yapambana kutalitali: malamulo ake si a munthu, ndipo palibe amene amalipira kuti awadziwe.

Chachiwiri n'cholemera kuposa ndalama. Kuno nkhondo si nthano. Nkhondo ya ku Mozambique isanathe mu 1992, dziko lino linasunga othawa kwawo oposa 1 miliyoni, ndipo ena analowera ku Machinga, nthawi imene Balaka inali isanakhale boma palokha, zimene zinachitika mu 1998. Ku Zomba kuli chipilala cha asilikali a King's African Rifles amene anapita ku nkhondo osabwerera. Munthu amene anaona zimenezi ali ndi ufulu wonyansidwa ndi nkhondo yosewera, ndipo sindingamutsutse. Chimene ndinganene n'chakuti ambiri amene amasewera nkhondo za m'mbiri amakakamizika kuwerenga. Kuti apente yunifolomu molondola amafufuza kuti anthuwo anali ndani, anachokera kuti, anafera chiyani. Kumayiko akunja kumagulitsidwa tiziboliboli ta ankhondo a Chingoni ndi ta asilikali a King's African Rifles, ndipo akutipenta ndi anthu amene sanapondepo pa Malawi. Zimandiwawa kuti mlendo adziwe mtundu wa chipewa chimene agogo athu anavala pa nkhondo, ife adzukulu tisakudziwa.

N'chifukwa chake sindikuona chotiletsa kuyamba ndi zimene tili nazo. Malamulo ambiri a masewerawa amapezeka aulere pa intaneti, ndipo safuna kuti tiasilikali tikhale ta kampani yakutiyakuti. Amisiri amene amasema ziboliboli zogulitsa kwa alendo ku Liwonde angathe kusema ankhondo ang'onoang'ono. Dongo la kudambo likawotchedwa limalimba. Olemba zikwangwani pa Balaka amadziwa kale kugwira bulashi yaing'ono. Tepi ili kwa kalipentala, madayisi ali m'bokosi la ludo. Achinyamata athu ambiri masiku ano masewera amene awatsalira ndi kubetcha pa foni, aliyense payekha, ndalama n'kumapita. Masewera amene amafuna manja, mutu ndi mnzako wokhala naye maso ndi maso ndi abwino kuposa pamenepo.

Aphunzitsi a mbiri, atsogoleri a magulu a achinyamata m'matchalitchi ndi m'mizikiti, ndi inu akatswiri a bawo amene mumadziwa kale kuwerengera patsogolo, pezani tebulo limodzi ndi mmisiri mmodzi, muyese.