Pezani msika musanakhome khola la zinziri

Zinziri zimakula msanga. Pofika milungu 6 kapena 7 zimakhala zakwana kugulitsa, ndipo zazikazi zimayamba kuikira. Mukasunga zogulitsa nyama kupyola pamenepo, zikungodya phindu lanu. Choncho yambani mwazungulira m'malesitilanti, m'mabala ndi kwa owotcha kanyenya, mumve kuti angatenge zingati pa sabata. Anapiye muziitanitsa potengera yankho lawo, osati kukula kwa khola.

Pa chakudya ndiye pagona nkhani. Nkhuku yachikuda imadzitolera pabwalo, madzulo n'kuiwazira madeya basi. Zinziri sizitero. Pa madeya okha zimapinimbira, mazira n'kuchepa. Zimafuna chimanga chogaya chosakaniza ndi soya komanso ufa wa usipa. Soyayo akhale wokazinga, chifukwa wamuwisi sagayika bwino m'mimba mwa mbalame. Gulani chimanga ndi soya nthawi yokolola, kuyambira Epulo mpaka Juni. Wodikira Januwale amagula mtengo utakwera kale.

Zinziri zoweta sizikonda kufungatira mazira. Mufunika makina, ndipo mazira amaswa pa masiku 17 kapena 18, pamene a nkhuku amatenga 21. Ngati kwanu magetsi amazimazima ndipo mulibe sola, ndi bwino kungogula anapiye oswa kale.

Yaimuna imodzi imakwanira zazikazi zitatu kapena zinayi. Zazimuna zikachuluka zimajomphana mpaka kutulutsana magazi. Kudenga la khola mangani ukonde wofewa, poti zikadzidzimuka zimalumpha molunjika m'mwamba n'kudzivulaza mutu. Waya akhale wa timabowo ting'onoting'ono, kuopa makoswe.