MADZI AKAMATHA MU INJINI YA LOLE, FUFUZANI MSANGA

Nyengo yokolola ikatha, ma Canter, ma Dyna ndi ma Isuzu sapuma. Amanyamula cimanga, nshawa, soya ndi thonje kucoka kumidzi kupita ku Chipata, Katete ndi Petauke, ena mpaka ku Lusaka. Ambiri anabwera kucoka ku Japan atagwira kale nchito, ndipo ena ndi a gulu la alimi amene anasonkha ndalama zaka zingapo. Injini yotere ikatentha kwambiri imawonongeka, ndipo kawirikawiri ciyambi cake ndi kadontho ka madzi kamene palibe anakasamala.

Madzi amazungulira mkati mwa injini kutenga kutentha, napita ku rediyeta kumene mphepo imawaziziritsa. Cimene cimawakankha ndi pampu ya madzi. Pa malole ambiri aang'ono pampuyo imazunguzidwa ndi fanibeluti, ndipo fani imamangidwa kutsogolo kwake. Madzi akacepa, lole yodzaza matumba siingakwere bwino mapiri a Manenekela pafupi ndi ulalo wa Luangwa, makamaka mu Okutobala pamene kucigwako kumatentha kufika madigiri 40.

Ngati mukuthira madzi tsiku ndi tsiku, dziwani kuti pali pamene akuthawira. Imikani galimoto pamalo ouma madzulo, muyale katoni pansi pa injini. M'mawa muone pamene padontha. Finyani mapaipi a labala: yolimba ngati mtengo kapena yofewa ngati nsima yagona yatha nchito. Onani zomangira zake, rediyeta, ndi labala ya pa cotsekera. Pamene madzi akhala akudontha pamatsala zoyera kapena dzimbiri. Koma musatsegule rediyeta injini ili yotentha, cifukwa madzi owira amatumpha ndi kuotcha nkhope ndi manja.

Pampu ili ndi kaboo kakang'ono kunsi kwake. Madzi akamatuluka pamenepo, ndiye kuti silo ya mkati yatha. Zimitsani injini, gwirani fani, muigwedeze kutsogolo ndi kumbuyo. Ikamagwedera, kapena ngati mumamva kulira kokukuta injini ikamayenda, beringi yadyeka. Pampu yotere musaiyembekezere ulendo wina.

Ngati kunja kuli kouma koma madzi akutha, solani cothimbira oilo. Oilo yooneka ngati tiyi wamkaka, utsi woyera wosatha ku ekizozi, ndi thovu lotuluka mu rediyeta, zimasonyeza gasiketi ya mutu wa injini. Pamenepo kusintha pampu n'kutaya ndalama. Itanani makanika wodziwa.

Pogula pampu yatsopano tengani yakale ndi nambala ya injini. Ma Canter si ofanana: ena ali ndi injini ya 4D33, ena 4D34, ena zina. Gulaninso gasiketi, ndi beluti ngati yakale ili ndi ming'alu.

Nchito yake iyende motere. Injini izizire. Mangani buleki, ikani miyala ku mawilo, ndipo mukapendeka kabu muikhome bwino ndi citsulo cake. Cotsani waya wa negetivu pa batire. Tsegulani kampopi ka pansi pa rediyeta, madzi agwere m'beseni. Masulani pang'ono mabauti a fani beluti ikadali yolimba, cifukwa ikacoka pule imangozungulira. Kenaka masulani olitaneta, cotsani beluti, fani, pule ndi mapaipi olowa pa pampu. Mabauti a pampu amasiyana kutalika, motero abayeni pa katoni monga mwa malo awo. Palani gasiketi yakale yonse mosakanda citsulo. Ikani yatsopano, lowetsani mabauti onse ndi dzanja, ndipo muwamange pang'onopang'ono mopingasa, uku ndi uku. Beluti mukaidina ndi cala pakati ilowe pafupifupi sentimita 1. Yothina kwambiri imapha beringi ya pampu yatsopano.

Thirani madzi pang'onopang'ono, tsegulani hita, lizani injini cotsekera cili cocotsa. Paipi ya pamwamba ikatentha ndiye kuti themositati yatseguka. Pa injini zambiri imatseguka pa madigiri pafupifupi 82. Thovu likatha wonjezerani, tsekani, ndipo muonenso m'mawa injini itazizira. Themositati musaitaye monga acitira ena, cifukwa injini yosafika pa kutentha kwake imadya dizilo wambiri.

Madzi a pa dilawo kapena a mumtsinje amabweretsa dzimbiri ndi zokakamira. Sakanizani madzi oyera ndi kulanti, theka ndi theka, pokhapokha ngati botolo lanena kuti ndi yosakaniza kale. Mazira, sopo kapena ufa umene ena amathira mu rediyeta umatseka timapaipi take. Kulanti imatsekemera koma ndi poizoni, motero yakale musaisiye pamene pafika ana, agalu kapena mbuzi, ndipo musaitayire pafupi ndi citsime.

Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka. Pampu mungaigule ndi kuiika tsiku limodzi, koma injini yopsa imaimika lole nyengo yonse, matumba ali kuyembekezera pabwalo. Inu a komiti ya gulu, pangani lamulo lakuti dalaivala aziona madzi ndi oilo m'mawa uliwonse asanalize injini, ndipo singano ya kutentha ikakwera aime pomwepo.