Mpira Wachiwiri

Kwathu ndi ku Ndirande, cha ku Goliyo, kumene nyumba zinathithikana kotero kuti mwana amaphunzira kusewera pa kabwalo kosakwana mphasa ziwiri. Masewera a bowling sindinawasewerepo, ndipo ndikuulula msanga kuti wina asadzandiumirize kumuonetsa kaponyedwe kake. Komabe ndapempha malo m'magazini yathu ino kuti ndifotokoze mmene masewerawa amayendera, pakuti kawerengedwe ka mapointi ake ndi kamene kanachititsa kuti dzina langa lizipezekabe m'kaundula wa seminale ino.

Pa tchuthi cha Khirisimasi cha 1 Fomu 3 yanga, m'chaka cha 2024, ndinapita kunyumba ndi envulopu yolemera. Masamu ndinapeza 31, Chilatini 28, ndipo pansi pake Bambo Rekitala analemba ndi dzanja lawo kuti akundipatsa teremu imodzi yokha yoti ndisinthe. Anzanga nonse mukudziwa tanthauzo la mawu otere. Amayi amagulitsa tomato ndi anyezi mu msika wa Ndirande, ndipo ndimadziwa kuti fizi yanga ndi milu ingati ya tomato. Envulopuyo ndinaibisa pansi pa sutikesi masiku anayi. Mumtima ndinali nditamanga kale mfundo yoti sindibwereranso, poganiza kuti ndi bwino kuchoka ndekha kusiyana ndi kudikira kuti andilongedzetse katundu anthu akuona.

Masiku omwewo amalume anafika kuchokera ku Joni. Iwowa amagwira ntchito m'nyumba ina yosewereramo bowling mu mzinda wa Johannesburg: amasesa, amapereka nsapato kwa osewera ndi kusamalira njira zoponyeramo mpira. Tsiku lina masana kukugwa mvula, tinakhala pakhonde tikuonerera ana akusewera nsikwa.

Kwa amene sanaionepo nsikwa ndifotokoze pang'ono. Mumatenga phale la chipanda chosweka, kulisema kuti likhale lozungulira, kuboola pakati ndi kulowetsapo kamtengo kosongoka. Osewera amakhala pansi m'mizere iwiri moyang'anana, aliyense ataimika chitsononkho patsogolo pake. Tsono mumapota kamtengo kaja ndi zala n'kuiponya nsikwayo kuti ipite ikuzungulira mpaka ikagwetse chitsononkho cha mnzanu wa mbali inayo. Ku Ndirande zipanda n'zosowa, choncho ana amasalaza chitsekerero cha botolo ndi mwala n'kuchiboola ndi msomali. Amalume ataona zimenezi anaseka mpaka kutsokomola. Iwo anati, "Mphwanga, kumene ndimagwirako ntchito anthu amalipira ndalama zambiri kuti achite zomwe anawa akuchita ulele." Ndipo anayamba kundifotokozera.

Mu bowling muli njira yosalala kwambiri, yotalika pafupifupi mamita 18 kuchoka pa mzere woponyera kukafika pa pini yoyamba, koma m'lifupi mwake imangopitirira pang'ono mita imodzi. Mbali zonse ziwiri kuli ngalande, ndipo mpira ukagweramo wapita basi. Kumapeto kwa njirayo amaimika mapini 10, ooneka ngati mabotolo: imodzi kutsogolo, awiri pambuyo pake, kenaka atatu, ndipo anayi kumbuyo kwenikweni. Mpira wake ndi wolimba, uli ndi mabowo atatu olowetsamo zala, ndipo wolemera koposa umapitirira pang'ono makilogalamu 7. Sauponya m'mwamba ayi, amaugubuduza.

Masewera amodzi ali ndi zigawo 10, ndipo m'chigawo chilichonse wosewera amapatsidwa mipira iwiri. Akagwetsa mapini onse ndi mpira woyamba amati wamenya strike, ndipo amalandira mapointi 10 kuphatikizapo zonse zimene adzagwetse ndi mipira iwiri yotsatira. Akasiyako ena n'kuwamaliza ndi mpira wachiwiri amati wapeza spare, ndipo amalandira 10 kuphatikizapo zimene adzagwetse ndi mpira umodzi wotsatira. Mapointi okwera koposa ndi 300, ndipo kuti munthu awapeze ayenera kumenya strike maulendo 12 motsatizana osaphonya. Malamulo a masewerawa anakhazikitsidwa bwino m'chaka cha 1895 ku New York, pamene linakhazikitsidwa bungwe la American Bowling Congress. Koma masewera ogwetsa timitengo ndi akale kwambiri. Olemba mbiri yake amasimba kuti kalekale ku Germany akhristu ankaimika chibonga pafupi ndi tchalitchi n'kuchigubuduzira mwala, ndipo wochigwetsa ankayesedwa munthu wa moyo wolungama. Ine mwambo umenewo sundikhutiritsa, chifukwa mwala umatha kupatuka kaamba ka kampanipani ka pansi, mtima wa woponya uli woyera. Koma zimenezo tiwasiyire abambo athu ansembe.

Chimene chinandigwira mtima ndi samu imene amalume analemba ndi khala pa simenti ya khonde. Anati tiyerekeze kuti pali anthu awiri, ndipo onse amagwetsa mapini 9 ndi mpira woyamba m'chigawo chilichonse, osamenyako strike ngakhale kamodzi. Woyamba nthawi zonse amaphonya pini imodzi yotsalayo. Ameneyu amapeza 9 maulendo 10, ndiye kuti 90. Wachiwiri nthawi zonse amaigwetsa pini yotsalayo, choncho m'chigawo chilichonse amalandira 10 kuphatikizapo 9 wa mpira wotsatira, ndiye kuti 19, ndipo pomaliza amakhala ndi 190. Ngakhale ine wa 31 uja ndinatha kuona kusiyanako. Mpira wawo woyamba ndi wofanana, mphamvu za mkono n'zofanana, koma asiyana ndi mapointi 100 chifukwa cha zimene amachita ndi kapini kamodzi kotsala.

Amalume anati pa zaka zimene akhala akusesa m'nyumbamo aona mitundu iwiri ya osewera. Loweruka madzulo kumabwera anyamata ofuna kuonetsa mphamvu. Iwo chimene amafuna ndi phokoso la mapini onse akugwa nthawi imodzi. Zikakanika amapukusa mutu, ndipo mpira wachiwiri amangouponya mwamwambo chabe, maso ali pa foni kapena pa anzawo. Pakati pa sabata kumabwera a mpikisano, ambiri a iwo achikulire, ena azimayi a imvi. Amenewa mpira woyamba ukasiya mapini sakwiya. Amaima, kuyang'ana kuti otsala ndi ati, kenaka amasuntha mapazi. Ngati yatsala pini ya pangodya ya kumanja, munthu woponyera dzanja lamanja amakaima kumanzere kwenikweni kuti mpira udutse mopingasa. Saonjeza mphamvu, amasintha poima. Ndiponso sayang'ana mapini ali kutali aja. Pa njira yoponyeramo analembapo timivi pamtunda wa mamita 4 kapena 5 kuchoka pa mzere, ndipo wosewera wodziwa amalunjika pa kamuvi kapafupi, podziwa kuti mpira ukadutsa bwino pamenepo ukafika kumene ukufunika.

Mvula isanakate ndinalowa m'nyumba, ndinatenga envulopu ija ndi kuipereka kwa iwo. Anawerenga mwakachetechete. Ndinkayembekeza ulaliki, koma anangofunsa kuti, "Nanga mapepala amene unalembapo mayesowo ali kuti?" Ndinayankha kuti ndinawang'amba tsiku lomwe aphunzitsi anatibwezera. Anafunsanso kuti ndinalakwa mafunso ati. Sindinadziwe. Ndinali nditangoona nambala yofiira pamwamba, manyazi n'kundigwira. Iwo anati, "Ndiye iwe sukudziwa n'komwe mapini amene atsala. Ukanati ubwerere, ukanakaponya kuti?" Usiku womwewo anandiperekeza kwa amayi. Zimene zinayankhulidwa kumeneko ndisazilembe muno, koma amayi atatha kulira anandiuza kuti fizi ya teremu yachiwiri anali atasunga kale.

Nditabwerera mu Januwale 2025 ndinapita kwa aphunzitsi a masamu kukapempha pepala la mafunso aja. Mawondo ankagwedera, chifukwa ndinali munthu wosafunsa m'kalasi, woopa kuoneka mbuli. Pajatu akulu anati safunsa anadya phula. Nditalembanso mayesowo ndekha ndinadabwa kupeza kuti si masamu onse amene ankandikanika. Algebra ndinkaidziwa ndithu. Mapointi ambiri ndinataya pa mitu itatu ya geometry imene anzanga anaphunzira ine nditagona ndi malungo, ndipo nditachira ndinachita manyazi kunena kuti sindikutsata. Teremu yonse yoyamba ndinkangoti masamu ndi ovuta, pamene zovuta zinali zitatu zokha zodziwika maina.

Kenaka ndinasuntha mapazi monga achikulire aja. Ndinachoka pa desiki yanga ya kumbuyo pafupi ndi zenera, pamene ndinkaonera mbalame, n'kukakhala kutsogolo. Ndinapempha mnzanga wina, amene kale ndinkamuseka chifukwa cha Chingerezi chake, kuti azindithandiza theka la ola tikamaliza ntchito za manja. Ndinagula kope limodzi lolembamo zolakwa zokhazokha, ndipo pepala lililonse limene aphunzitsi abweza ndimalikonza tsiku lomwelo lisanalowe dzuwa. Ndinalekanso kudzizunza ndi maganizo a zaka zambiri zimene zili pakati pa Fomu 3 ndi kumene tonse tikulakalaka kukafika. Kamuvi kanga kapafupi kanali phunziro la madzulo a tsiku limenelo.

Ndisakunamizeni kuti zonse zinagwa. Mu bowling muli vuto lina lotchuka, pamene mpira woyamba wasiya mapini awiri a m'ngodya zakumbuyo, ya nambala 7 ndi ya nambala 10, imodzi uku ina uko. Ngakhale akatswiri sawagwetsa onse awiri kawirikawiri, ndipo wanzeru amangolunjika pa imodzi kuti apezeko pointi m'malo motaya zonse. Chilatini chinali chotero kwa ine. Ndinasankha kulimbana ndi maina ndi masinthidwe ake, aneni n'kuwasiya kaye. Pakutha pa teremu masamu ndinapeza 54, Chilatini 41. Bambo Rekitala anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, kenaka anati tionana teremu yachitatu.

Pali pamene fanizo la amalume limaperewera, ndipo ndiyenera kupanena chifukwa magazini ino imawerengedwanso ndi makolo ndi ansembe. Mu bowling mpira wachiwiri ndi lamulo, makina amakubwezera okha popanda kupempha. Kwathu ku Ndirande sizitero. Ndili ndi anzanga amene tinkasewera nawo nsikwa m'mbali mwa Nasolo, anzeru kuposa ine, amene analephera kamodzi kokha ndipo lero akunyamula katundu mu msika kapena kuitanira minibasi. Iwo sanataye mpira wachiwiri, panalibe wowapatsa. Ine ndinapatsidwa ndi dzanja limene linalemba kuti "teremu imodzi" pamene likanatha kulemba zina, ndi amayi amene anasunga fizi asanaone n'komwe envulopu. Ndikakumbukira kuti ndinatsala pang'ono kuuponya m'ngalande dala, thupi limachita tsembwe.

Pa tchuthi cha Pasaka ndinapeza kuti ana a kwathu anasintha masewera. Tsopano amaimika zitsononkho 10 monga anawaonetsera amalume, n'kumagubuduza ndimu kuchoka pa chitseko cha bafa. Mlongo wanga wa Sitandade 5 ndiye amalemba mapointi ndi khala, ndipo salola munthu kuimikanso zitsononkho asanaponye kachiwiri. Amayi okha ndiwo akudandaula kuti zoyatsira mbaula zikutha m'thumba.