Machila ndi Chiwondo: Zofunda za Makolo Athu ku Mulanje

Gombeza la kusitolo lisanafike, anthu okhala m'tsinde mwa phiri la Mulanje sadali kugona pamtunda m'miyezi yozizira ya June ndi July. Adali ndi zofunda za mitundu iwiri: chiwondo ndi nsalu ya thonje yotchedwa machila.

Chiwondo ndicho chidali cha aliyense. Munthu ankasenda khungwa la mtengo wa mombo, nachotsa makoko akunja, kenaka nkumalimenya pa chipika kufikira litafewa ndi kutambasuka. Alomwe, amene adayamba kulowa m'boma lino mwaunyinji kuchokera ku Mozambique chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ankachidziwanso bwino chovala chimenechi.

Machila adali a mtengo wapatali. Kwao kwenikweni kudali ku chigwa cha Shire ndi cha Zambezi, kumene thonje limakonda chifukwa cha kutentha. Apwitikizi a ku Sena ndi ku Tete ankagula nsaluyi kale m'zaka za m'ma 1600, ndipo popeza idali yolimba kwambiri, ankaimangirira ku mtengo kuti anthu aziwanyamuliramo. Nchifukwa chake mpaka lero chonyamulira wodwala timachitcha machila, ngakhale kuti ambiri a ife sitidayionepo nsalu imene idabala dzinalo. David Livingstone, poyenda mu Shire m'chaka cha 1859, adapeza Amang'anja akulima mitundu iwiri ya thonje, imene iye adailemba kuti tonje manga, lochokera kunja, ndi tonje cadja, lakwathu, la ulusi waufupi. Ulusi ankaupota ndi manja pa kamtengo kozungulira, ndipo poomba ankakhoma zikhomo pansi, nayala ulusiwo m'litali mwake, nkumapingasa wina pang'onopang'ono. Nsalu imodzi inkatha masiku ambiri. Anthu a kumapiri ankaipeza posinthanitsa ndi makasu, pakuti iwo adali akatswiri osula zitsulo.

Tsono apa pali chinthu chimene mlaliki ayenera kuchisamala. M'buku la Eksodo, mutu 35, opota ulusi wa chihema ndi akazi. Nayenso mkazi wangwiro wa m'buku la Miyambo, mutu 31, amatamandidwa chifukwa chodzipangira zofunda. Ku America nakonso, m'mapiri a Appalachia, amayi ndiwo ankaomba zoyala pabedi m'nyumba zao. Koma pakati pa Amang'anja kupota ndi kuomba idali makamaka ntchito ya amuna. Wansembe amene angauze amayi a ku Mulanje kuti agogo ao aakazi ankaomba nsalu monga akazi a ku Israele adzakhala atawauza mbiri ya eni. Ulemu wa amayiwo uli pena. Iwo ankalima limodzi ndi amuna ao, ankaumba miphika, ndiponso ankatcheza mchere ku chigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Ndipo mchere umenewo nawo unkagula nsalu. Kotero chofunda chinkalowa m'nyumba ndi thukuta la mkazi, ngakhale dzanja lake lidali lisanakhudze ulusi.

Nsalu idalinso ndi malo m'chipembedzo cha makolo. Ku kachisi wa Mbona ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, nsalu yoyenera kupereka ndi yakuda, monga adafotokozera Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wa chipani cha Montfort amene adafufuza za kachisiyo zaka zambiri.

Luso limeneli lidazilala msanga. Nkhondo zogwira akapolo pamodzi ndi njala ya 1862 mpaka 1863 zidabalalitsa midzi ya Amang'anja, ndipo oomba ambiri adafa. Otsalawo adapambanidwa ndi merikani, nsalu yotsika mtengo imene idatenga dzina lake ku America ndipo inkadzera ku Zanzibar, kenaka ndi katundu wa African Lakes Company, imene idakhazikitsidwa m'chaka cha 1878. Thonje lidapitirira kulimidwa ku chigwa, koma tsopano logulitsa kwa Azungu lisanapotedwe. Pamene fakitale ya David Whitehead idatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1967, ntchito yoomba idabwerera m'dziko muno ili ya makina.