Mkaka wa ku Namwera usanatsike phiri

Mlimi akamva kuti mkaka uli ndi lamulo lakelake amadabwa. Ng'ombe ndi yanga, msipu ndamweta ndekha, nanga boma likudzamo pati? Ife amene ntchito yathu ndi yoyeza mkaka timayamba ndi kuloza dzuwa. Mkaka umatuluka m'bere uli wofunda, ndipo ukatha maola ochepa usanaziziritsidwe tizilombo timaswana mwamsanga. Ku Namwera n'kozizirirapo, inde, koma chigubu chomangidwa pa njinga yamoto chikatsika phiri kudzera pa Chowe n'kukafika pa boma pa Mangochi, chimakumana ndi kutentha kwa kunyanja, ndipo wogula sangaone ndi maso zomwe zachitika m'katimo. Malamulo onse a mkaka anamangidwa pofuna kuteteza wogula ameneyu.

Lamulo lalikulu ndi Milk and Milk Products Act. Limafuna kuti wokonza mkaka wogulitsa akhale ndi chiphaso, ndipo cholinga chake n'chakuti mkaka wofika kwa ogula m'matauni ukhale utatenthetsedwa mokwanira kupha tizilombo. Muyezo wodziwika padziko lonse ndi madigiri 72 kwa masekondi 15, kapena madigiri 63 kwa mphindi 30, kenako kuuziziritsa msanga mpaka pafupifupi madigiri 4. Wofuna kuika yogati kapena chambiko m'mabotolo amafunikanso kukhala ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo pabotolopo pazioneka dzina la wopanga ndi tsiku lomwe katunduyo adzathe mphamvu. Layisensi ya bizinesi imachokera ku khonsolo, pomwe azaumoyo amaona malo, madzi ndi thanzi la ogwira chakudyacho.

Ena amati zonsezi n'zosafunika chifukwa pakhomo paliponse mkaka amawiritsa asanathire mu tiyi. Mfundoyi ili ndi choonadi chake: kuwiritsa kumapha tizilombo ta chifuwa chachikulu cha ng'ombe ndi ta matenda otayitsa bere, omwe amagwiranso anthu. Koma moto suthetsa zonse. Ng'ombe ikabayidwa jakisoni wa bere lotupa, mankhwalawo amatulukira mu mkaka kwa masiku angapo, ndipo kuwiritsa sikuwachotsa onse. N'chifukwa chake pa botolo la mankhwala amalemba masiku oti mkaka utayidwe. Madzi othiridwa kuti malita achuluke nawonso sabwerera kukhala mkaka, ndipo mayi wogulira mwana wake amalipira madzi a pachitsime pa mtengo wa chakudya. Chambiko chopangidwa ndi mkaka wosaphika ndiye sichifika n'komwe pamoto.

Dandaulo lachiwiri ndi lomwe limandikhudza kwambiri: mlimi wa ng'ombe ziwiri sangagule thanki yoziziritsira, ngakhale kulipira ulendo wa oyeza kuchokera ku Blantyre. Zimenezi n'zoona, ndipo sindikufuna kuzipeputsa. Koma alimi a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu nawonso ali ndi ng'ombe imodzi kapena ziwiri, ndipo njira anaipeza m'magulu osonkhanitsa mkaka omwe ali pansi pa Shire Highlands Milk Producers Association. M'mawa mlimi amafika ndi chitini chake, mlembi amatapako pang'ono n'kusakaniza ndi spiriti. Ukachita mibulu ndiye kuti wayamba kusasa, ubwerere. Kenako amaviikamo lactometer, kagalasi koyandama kooneka ngati choyezera kutentha kwa thupi. Kakamira kupitirira mzere, madzi alimo. Wodutsa umalembedwa m'buku pa dzina la mwini wake, ndipo vuto likapezeka kufakitale komwe mkakawo umapita, amadziwa khola loyambira.

Matanki oziziritsira a magulu otere ali kutali ndi dera la Mfumu Jalasi ku Namwera, ndipo magetsi amazimazima. Komabe zambiri zomwe lamulo limafuna zimayambira pa zinthu zomwe gulu la alimi khumi lingakwanitse: lactometer imodzi, botolo la spiriti, buku, ziwiya zachitsulo m'malo mwa zigubu za mafuta ophikira zomwe m'makona mwake simutsukika, ndi mlangizi wa ziweto woyendera makola. Gulu lolembetsedwa ndi lomwe lingagogode ku khonsolo ya Mangochi kukapempha chiphaso, ndipo ndi lomwe mwini malo ogona alendo ku Monkey Bay angasainirane nalo pangano.